Basi Nambala 9

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndondomeko yanga ya mayendedwe a mabasi yayamba lero padoko. Mabasi kumanja, matakisi mzere umodzi kumanzere. Nambala 9 tinaichotsa, poti nditawerenga anthu otsika sitima yochokera kuchilumba, oikwera sankapitirira atatu. Abwana, a Abellana, akuti ndagwira ntchito.

Koma mayi wina wachikulire anaima pomwe 9 inkaima, atagwira amuna awo pamkono. "Inday, mwanawe, ya kuchipatala ija ili kuti?" Ndinangowalozera matakisi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndafukula mapepala anga. Ndinawerenga Lachitatu ndi Loweruka basi. Masiku enawo sindinapite, kunali mvula.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndinalawirira sitima yoyamba. Anthu khumi ndi mmodzi, onse odwala impso, amabwera Lolemba ndi Lachinayi kudzatsukitsa magazi pamakina. Mayi aja ndi Nang Luding, amuna awo Nong Teryo, anali asodzi. Za takisi anangoseka: "Kawiri pa sabata? Nsomba zake ziti?"

Tsopano amakwera mabasi awiri, ndipo kuti apeze yachiwiri amawoloka msewu pa mlatho wa masitepe. Lolemba anafika mochedwa, Nong Teryo anawaika pamakina maola awiri m'malo mwa anayi. Mapazi atupa, patapata sakulowa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

A Abellana: "Tidzaunikanso mu Novembala." Ndati miyezi itatu anthu aja sangapirire. Iwo: "Anasaina ndani, Rosalie?"

Mpunga wanga wa nkhomaliro ndaupatsa mlonda wa paofesi.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndawatsatira mpaka pamlatho, ngati ndikungopita komweko. Nong Teryo anakhala pansi pakati pa masitepe, kupuma movutika. Nang Luding akuwakupiza ndi chipewa: "Amene anachotsa basi ija nditamuona ine." Bambowo: "Ungamutani, ndi msinkhu wakowo?" Onse kuseka. Inenso ndinaseka nawo. Manyazi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndalemba kalata ku komiti ya mzinda, kuwadumpha a Abellana. Ndanena kuti ndinalakwitsa ndine, ndapempha ulendo umodzi wokha wa m'mawa. Abwana sakundiyankha moni. Akuti Disembala kontirakiti yanga aiganizira.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Komiti sinayankhe. Lero odwala aja atsika khumi, mmodzi palibe. Sindinafunse.

Tili pansi pa mlatho ndinawauza. "Nang, basi ija ndinachotsa ndine. Ndinawerenga masiku olakwika."

Nang Luding anandiyang'ana nkhope, kenako baji yanga. Nong Teryo anati, "Luding, msiye mwana."

"Ndamutani ngati?" Anandikoleka chikwama chawo m'khosi, nkundiika dzanja la amuna awo paphewa. "Gwira mbali iyo. Poti umadziwa kuwerenga, uwerenge masitepewa."

Ndi makumi anayi ndi awiri. Tinapuma kanayi.