Nkhuku Yamawanga Ipite kwa Amalume

Kabulonga, Lusaka
Okutobala 1986

Amai anga okondedwa,

Moni wanga ukupezeni muli pamthunzi, pakuti ndikudziwa mmene dzuwa la mwezi uno limaotchera ku Katete. Kodi muli bwanji? Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Ine ndili bwino. Ntchito kwa adona ikuyenda, ndipo mwana wawo wamng'ono amakana kusamba ngati womusambitsa si ine. Iwe Regina mng'ono wanga, powawerengera Amai kalatayi usalumphe mzere ngakhale umodzi. Ndimakudziwa.

Ndamva kuti a Jonas atafika kumudziko kuchokera kuno anakuuzani kuti mlongo wanga Killian anaba njinga. Amai, pukutani misozi, mwana wanu sanabe. Munthu wina anasiya njinga pamalo pamene Killian amakonzera njinga kumsika wa Kabwata, kuti aiwongole gudumu. Munthuyo sanaonekenso. M'malo mwake kunafika apolisi ndi mwini njinga weniweni, ndipo anapeza Killian sipanala ili m'manja. Chiyambire nthawi yokolola ali m'ndende, kumbali ya odikira mlandu, ndipo mpaka lero sanaweruzidwe.

Tsiku la mlandu likafika ndimapempha adona kuti ndipite kukhoti. Timakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka kalaliki amatuluka n'kutiuza kuti tibwere mwezi wina. Ulendo wina lole yonyamula akaidi inalibe mafuta. Ulendo wina mafuta analipo koma matayala anali atatha. Tsiku limene lole inafika, njinga ya umboni ndiyo inasowa. Akuti wapolisi anali ataikwera kukafufuza mlandu wina ku Chelstone, poti nawonso galimoto alibe. Nditamuuza Killian anaseka mpaka kutsokomola, ati ndiye kuti anaikonza bwino, angomulemba ntchito kupolisi komweko.

Kutsokomolako ndiko kukundidetsa nkhawa. M'chipinda chawo amagona chammbali mothithikana, mmodzi akafuna kutembenuka ndiye kuti onse atembenuke. Amadya kamodzi patsiku, ndiwo zake nyemba zofumbwa, ndipo mankhwala a chifuwa kulibe. Wawonda, Amai. Malaya abuluu munamusokera aja akungomulendewera.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndimamupititsira chakudya. Pachipata pali lamulo loti wobweretsa chakudya ayambe walawa yekha pamaso pa asilikali a ndende, kuopa kuti wina angathiremo zoipa. Tsiku loyamba ine ndinachita monga munandilerera. Ndinagwada pansi, n'kutembenukira kukhoma kuti amuna achilendo asandione ndikutafuna. Msilikali anakalipa kuti ndikubisa chiyani, ndipo anandibweza ndi mbale zanga. Anthu pamzere anafa nako kuseka. Bambo wina anafuula kuti andisiye, ndikupempherera tinsomba ta kapenta tam'mbalemo kuti tiuke. Ndinalira njira yonse, ndipo Killian tsiku limenelo anadikira pachabe.

Pamzerepo panali mayi wina wa ku Libala, kwawo ndi ku Chipata, amene mwana wawo analinso mkatimo. Kuno timawatchula ba Perpetua. Lamulungu lotsatira anandigwira dzanja, anandiuza kuti manyazi ndiziwasiya m'basi, ndidzawatenga pobwerera. Choncho ndinaimirira, ndinamuyang'ana msilikali uja kumaso, ndipo ndinadya. Mbamu inkakana kutsika koma inatsika. Msilikaliyo dzina lake ndi a Phineas, ndipo masiku ano akandiona amafunsa ngati lero ndidya choyang'ana kapena chofulatira. Si munthu woipa. Anandiuza kuti nyumba imene anawapatsa imadontha chimodzimodzi ndi ya akaidi.

Pawailesi amanena kuti boma likonza za makhoti ndi ndende, ligula malole, liwonjezera oweruza. Abwana, amuna awo a adona, akamva zimenezo amangopukusa mutu n'kupinda nyuzipepala. Koma ba Perpetua sanadikire wailesi. Anatisonkhanitsa amayi tonse a pachipata, anatenga ansembe a parishi yathu ndi atcheyamani a Chipani a kudera lawo, ndipo tinakapempha kuti ngati akaidi sangafike kukhoti, khoti ndilo lipite kundende. Ine ndinangowanyamulira chikwama ba Perpetua.

Zinatheka, Amai. Woweruza wina wachinyamata anakwera minibasi ngati ife tomwe, anaika tebulo pansi pa mtengo m'bwalo la ndende, ndipo ife abale anatilola kukhala chapatali. Ena anamasulidwa tsiku lomwelo, chifukwa anali atakhalamo kale kuposa chilango chimene akanalandira. Mwana wa ba Perpetua anali mmodzi wa iwo. Mayiwo anavina nsapato imodzi itavuka.

Killian anamulola belo, ndiye kuti akhoza kudikira mlandu ali kunyumba. Koma pafunika anthu awiri omuimira, a ntchito yodziwika, makamaka ya boma. Ndinakweza dzanja, ine amene, ndipo ndinanena kuti ndine mlongo wake ndipo ndili pantchito. Woweruza anandiyankha mwaulemu kuti ntchito ya m'nyumba saiwerengera. Killian akuti mawu anga sanamveke ngakhale kwa nyerere, koma ndinamuona akupukuta m'maso.

Amuna awo a ba Perpetua, a Oswell, ndi dalaivala wa boma, ndipo avomera kukhala woyamba. Wachiwiri ndiye wasowa. Abwana ndinawapempha, anati dzina lawo silingalowe m'nkhani zakuba. Ndayenda kwa anthu akwathu ku Kabwata, koma onse ndi ogulitsa pamsika. M'banja mwathu wa ntchito ya boma ndi mmodzi yekha, mlongo wanu, amalume a Amock, alangizi a zaulimi.

Apa ndiye pali pempho langa. Ndikudziwa kuti simulankhulana chiyambire maliro a Atate, pamene amalume analetsa Killian kubwera kutauni, inu n'kuwayankha pagulu kuti mwanayo ndi wanu, iwo sanamubereke pamsana. Ndikudziwa kuti mukakumana panjira wina amayang'ana kuchimanga. Killian nayenso wati ndisayerekeze kuwauza, bola kuolera momwemo kusiyana ndi kumva amalume akunena kuti paja anachenjeza. Musamumvere ameneyo, mutu wake ndi wouma ngati wanu.

Woweruza uja abweranso kumapeto kwa mwezi wamawa, kenaka akuti amusamutsira kwina. Wobwera m'malo mwake sitikudziwa ngati adzakwera minibasi. Ndipo mvula ikayamba, chipinda chija chimalowa madzi. Ndi chifuwa chimenechi, ine ndikuopa.

Gwirani nkhuku yanga yamawanga ija, mupite nayo kwa amalume. Mupite nokha, musatume Regina. Mukakhale pamphasa, mawu onse amene akawasunga alekeni awatulutse, ngakhale akayambire pa ubwana wanu. Akatha, muwauze kuti mwana wa mlongo wawo, Killian, akuwafuna. Abwere ndi chitupa chawo ndi kalata ya kuntchito. Malo ogona a Oswell ati alipo, ndipo ine ndidzawachingamira kokwerera mabasi.

Amai, ine ndinadya choimirira, amuna achilendo akundiyang'ana pakamwa, ndipo sindinafe. Inunso simukafa pakhomo pa mlongo wanu.

Killian anandituma kuti ndikuuzeni kuti ali bwino ndipo akunenepa. Ndalemba monga ananenera, koma zoona ndi zimene mwamva pamwambapa.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa amai aang'ono, kwa alamu anga, ndi kwa a Jonas, amene ndawakhululukira pakamwa pawo. Iwe Regina, nsalu ija ndinakulonjeza sindinaiwale. Kwa amalume moni sindilemba, mukapereke ndi pakamwa panu.

Lamulungu likubwerali ndikamuuza Killian pawaya wa kundende kuti nkhuku ili panjira. Adzakwiya, koma adzagona ndi chiyembekezo. Musandisandutse wabodza, Amai.

Ambuye akusungeni mpaka tionane maso ndi maso, tonse atatu ndi inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Winifred