Maula a M'masewera a Yamikani

Lachinayi madzulo. Kwazizira, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Pepani Ambuye, ndikuvutitseni ndi kankhani kakang'ono.

Mwana wanga Yamikani wabwera kuchokera ku koleji ndi masewera a nthano. Iye amasimba nkhani, anzake nkumaponya madayisi pakhonde ngati anthu a m'nkhaniyo. Lero anakangana. Mnzake Tadala amasewera ngati woombeza, ndipo lamulo limati afunse mizimu funso limodzi, iyankhe kuti "zabwino" kapena "zoipa". Iye anafunsa awiri pakamodzi: atsegule chitseko, nanga mkatimo muli chiyani?

"Amayi, tiweruzeni," anatero Yamikani.

Ndinati limodzi ndi limodzi basi, asankhepo. Tadala anakuwa, "Iii, mayi a Mvano kudziwa maula chonchi!" Onse anaseka. Nthawi yomweyo a Naphiri, akazi a mkulu wa mpingo, amadutsa kuchokera kuchigayo. Anapereka moni osaima.

Ndamufunsa Yamikani mobwerezabwereza kuti amayankhayo ndani. Akuti palibe mzimu, ndi iye yemwe, poti nkhaniyo anaipeka yekha. Ndamva. Komabe pakamwa panga ndi pamene panatuluka chiweruzocho.

Lamulungu kuli Mgonero. Ndikadye nawo, kapena ndiyambe ndaonana ndi abusa? Chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka. Funso langa ndi limodzi lokha.