Mtanda Umene Sindinapale

Llano Chiquito
22 Epulo 1979

Okondedwa Achemwali Eufemia,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata yaitali chonchi, pamene ndikudziwa kuti maso anu sakufunanso zilembo zing'onozing'ono. Ndailemba kawiri n'kung'amba, iyi ndi yachitatu.

Kaya muli bwanji ku Denver kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Bondo lija linaleka kutupa? Kuno tilipo, ine ndi mlamu wanu Tranquilina. Ngalande tinaikonza sabata yatha ndipo madzi afika, koma ndi ochepa chifukwa chipale chofewa sichinagwe chokwanira kuphiri. Tsabola sindinadzale.

Nkhani ndi ya nyumba ya Bambo. Mukukumbukira mmene anatigawira, powerenga mitanda ya denga monga ankachitira makolo: isanu ndi umodzi ya kumadzulo ine, inayi yapakati inu, isanu ya kumsewu mzime wathu Abundio.

Mu Okutobala kunabwera Mayi Halvorsen a ku yunivesite ya ku Tucson, amene amawerenga zaka m'mitengo. Amaboola mtanda ndi chitsulo n'kutulutsa kamtengo kowonda ngati pensulo. Mzere uliwonse pa kamtengoko ndi chaka. Wonenepa ndi chaka cha mvula, wowonda ngati tsitsi ndi chilala, monga chija cha 1956 pamene Bambo anagulitsa nkhosa. Akuti chilala chimasiya mizere yofanana m'mitengo yonse ya dera lino, ndiye amafananiza mpaka apeze chaka chimene mtengo unadulidwa.

Ndinakondwa, ndipo ndinayamba kuwalowetsa kwanga. Mukudziwa mmene ndasungira mbali yanga. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, chaka chachitatu chilichonse m'nyengo ya Lenti, ndakhala ndikukwera pa makwerero, kupala mitanda ndi mpeni mpaka iyere, n'kuipaka mafuta. Palibe ndi umodzi womwe umene unafumbwa.

Mayiwo anaisisita, anati ndi yokongola, kenako anafunsa amene anaipala. Ndinati ndine, ndikumwetulira.

Kwa Abundio ndinachita manyazi kulowa ndi mlendo. Mwaye, akangaude, mabotolo, zingwe za akavalo amene anafa kalekale. Mitanda yake ikadali ndi makungwa monga inachokera kuphiri. Koma kumeneko ndi kumene mayiwo anavula magalasi ndi chisangalalo, n'kukhalako mpaka dzuwa litapendeka.

Yankho linafika mu Febuluwale. Mitanda ya Abundio inadulidwa mu 1793, pa nthawi yokolola. Yanga sikudziwika. Achemwali, chaka chimene mtengo unadulidwa chimakhala pa mzere wakunja kwenikweni, pansi pa khungwa. Wanga ndinaupala ndekha, pamodzi ndi mizere ina mwina makumi awiri, mwina makumi anayi, n'kusesera pamoto.

Tsopano Abundio sakuponda pansi. Anamujambula m'nyuzipepala ya ku Taos atavala chipewa cha Bambo, chimene sindikudziwa kuti anamupatsa ndani. Magalimoto amaima pakhomo pake. Amauza alendo kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti zinthu zakale sazigwiragwira. Abundio ameneyu, amene sanamatepo khoma! Ndine ndimamumatira dothi chaka ndi chaka, chifukwa lake likagwa, lanu ndi langa zitsatira.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi anandigwira paphewa pamaso pa amuna onse n'kunena kuti, "Awa ndi achimwene anga aukhondo. Nyumba ya agogo anaimeta mpala." Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani? Pofika kunyumba chakudya chinandikanika.

Ndinakaulula nsanje imeneyi kwa Ansembe. Anandipatsa mapemphero, ndinawanena onse, ndinawonjezerapo ena, koma siinachoke. Tranquilina akuti ndayamba kuzungulira kuseri kwa khola popita kumunda kuti ndisadutse pakhomo pa mng'ono wanga. Akunena zoona.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. A bungwe losunga mbiri ya dera lino akufuna kukhoma chikwangwani cha mkuwa pa chitseko cha chipinda chakale kuposa zonse, cholembedwa chaka ndi dzina la mwini wake. Abundio wapaka kale utoto chitseko chake, koyamba m'moyo wake.

Koma mukukumbukira zimene Amayi ankanena, kuti nyumba inayambira pa chipinda chapakati, chanucho, ndipo zinazo anachita kuwonjezera? Ndinawauza Mayi Halvorsen. Anayeza makoma ali kunja, anati ndi okhuthala kuposa enawo, choncho mwina Amayi sankalakwa. Ndinatulutsa kiyi imene munandisiyira, koma anakana kulowa. Abundio anali atawauza za mwambo wathu wakuti aliyense ali ndi mitanda yake, ndipo anati saboola mtanda wa munthu popanda chilolezo cholemba mwini wake.

Apa ndiye pamene ndinang'ambira makalata awiri aja.

Lenti ya chaka chatha, mayiwo asanabwere, ndinalowa m'chipinda chanu osakupemphani. Ndinkafuna kuti mukadzabwera kudzaona manda a Amayi mudzapeze poyera. Ndinapala mitanda yanu itatu. Ndinaipala bwino kwambiri, kuposa yanga. Ndakuwonongerani, Achemwali, ndipo palibe amene akudziwa kupatula Tranquilina.

Watsala umodzi, wa pamwamba pa malo amene panali bedi la Amayi, pamene ankayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha Maria zaka zonse zija. Ndinakwera, ndinaika mpeni, koma fungo la mwaye wa kandulo linandilowa m'mphuno ndipo ndinatsika. Ndinadziuza kuti ndidzaumaliza chaka chino. Khungwa likadalipo. Ndaliyeza kanayi: m'litali ndi dzanja langa limodzi ndi zala ziwiri, chakumapeto kwa kumpoto.

Abundio akuti akulemberani kuti mundilande kiyi n'kumupatsa iye, poti ine ndi mpeni wanga ndife chiswe cha m'nyumba. Mwina kalata yake yafika kale. Amalemba bwino kuposa ine, paja iye Bambo anamulola kumaliza sukulu pamene ine ndinali kubusa. Mukandilanda sindidandaula, tsopano mukudziwa kuti sakunama kwenikweni. Koma kiyi ikapita kwa iye, chipindacho sichidzatsegulidwa mpaka chikwangwani chitakhomedwa pa chitseko chake.

Ndikudziwa kuti mtandawo ungapezeke kuti ndi wa pambuyo pa 1793, ndipo adzandiseka kawiri. Ndaganizira zimenezo ndipo ndavomera. Ndikudziwanso kuti ukapezeka wakale, dzina la pa mkuwa lidzakhala lanu, osati langa. Sindibisa, Achemwali, sindikulifuna pa chitseko changa. Ndikungofuna lisakhale pa chake. Ngakhale 1792 indikwanira. Mulungu andikhululukire, ndi mwana wa Amayi ngati ine.

Mayi Halvorsen abweranso pa 16 Meyi, tsiku lotsatira chikondwerero cha San Ysidro, woyera mtima wa alimi, ndipo akhala tsiku limodzi lokha. Akachoka, a bungwe aja akhoma chikwangwani. Kalata yochokera kwanu imatenga masiku anayi, nthawi zina asanu, choncho chonde muiponye lisanafike tsiku la 9 Meyi. Ndaikamo envelopu yomata kale sitampa, ndi pepala limene ndalembapo mawu a chilolezo. Inu mungosaina pamene ndaika kadontho ka pensulo. Mukakana, mubweze pepalalo losasaina, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Rosaura ndi mwamuna wake, ndi kwa kamdzukulu kamene sindinakaone. Ambuye akusungeni ndi kukuchiritsani bondolo.

Mpeni uja ndampatsa Tranquilina kuti aubise, ndipo ndamuuza kuti asandiuze kumene wauika.

Ine mlongo wanu,
Nicanor