Chipepeso pa Imfa ya Bambo Everson Mulaviwa, Mmisiri wa Kagalimoto ka Kumwezi

14 Julaye, 2008

Kwa Mayi Debora Mulaviwa, ana, abale onse a ku Goliati, ndi anthu a m'boma la Thyolo,

Bungwe la Amisiri a Zamagetsi a m'Maesiteti a Tiyi lalandira modzidzimuka, ndiponso ndi chisoni chachikulu, uthenga wa imfa ya mnzathu, Bambo Everson Mulaviwa, amene atisiya Lachinayi lapitali kuchipatala atadwala chibayo.

Malemuwa anatumikira m'fakitale ya tiyi zaka makumi awiri, ndipo amisiri ambiri amene lero akusamala makina oumitsira masamba anaphunzira ntchito m'manja mwawo. Atamva pa wailesi kuti makina odziyendetsa okha amene amatumizidwa kumwezi amafa ndi kuzizira, popeza usiku wa kumeneko umatha masiku khumi ndi anayi, iwo anatha zaka zitatu akupanga kagalimoto ka mateyala asanu ndi limodzi, koti kazigona batire lake litakutidwa ndi thonje, n'kudzuka kakaona dzuwa.

Mwezi wa Juni anapempha kuti akayese kwa masiku khumi ndi anayi m'chipinda choziziritsira mkaka cha pa esitetipo. Manijala anavomera pamaso pa antchito, uku akuseka: "Kalowetseni, a Mulaviwa, tione ngati kumwezi amalemba ntchito anthu a Sitandade 8."

Pa tsiku la khumi ndi chitatu manijala yemweyo anati batirelo n'lobedwa m'fakitale, nalamula kuti kagalimotoko katulutsidwe, thirakitala ikaponde. A Mulaviwa anagwada pakhomo la ofesi. "Bwana, batirelo ndinachotsa pa njinga yanga yamoto. Kwatsala tsiku limodzi lokha." Alonda anawakokera kugeti ndi kalata yowachotsa ntchito, ndipo banja lonse linatulutsidwa m'nyumba ya kampani chiperoni chili mkati, n'kukhala pakhonde la golosale masiku atatu. Ife amisiri anzawo tinalipo, koma sitinatsegule pakamwa, ndipo manyazi amenewa tidzakalamba nawo.

Mayi, pali mawu amene amuna anu apita asanawamve. Dzulo Bambo Dickson, amene anayendetsa thirakitala ija, anabwera kwa ife nalumbira kuti kagalimotoko kataikidwa padzuwa kuseri kwa fakitale, kanayatsa nyali yake. "Kanayenda ndithu, mapazi atatu kapena anayi," anatero. "Abwana anakaona, n'kundikodola kuti ndifulumire."

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima, ngakhale tikudziwa kuti mawu amene tinalephera kuyankhula tsiku lija ndi amene akanakuthandizani koposa awa. Chauta akulimbitseni pamene mukulera ana nokha, ndipo akadzafunsa za bambo awo, mudzawauze kuti sanabe kanthu, ndi kuti chimene anapanga chinadzuka.

Ine wolira nanu,

Peterson Nakhumwa
Wapampando