Khoma Limodzi, Nyumba Ziwiri

LACHINAYI

Zakiyya, 08:12
ankolo mwadzuka bwanji. amuna anga a Shafii apeza bakkie yonyamulira katundu, tibwera sat kudzaphwasula nyumba ya adadi. malata tikamangira kuno kwathu ku Masi

Zakiyya, 08:13
khoma lapakati lija tichotsanso, nde mupezeretu ma board, mbali yanu ikhala poyera

A Mackford, 12:40
Ndadzuka, mwanangu. Pepa, kuntchito kuno lamya timaigwira pa nkhomaliro pokha. Malata ndi a bambo ako, ndilibe mawu. Koma za khomalo undilole ndilankhulepo.

Zakiyya, 12:44
lankhulani. bola lero mwayankha tsiku lomwelo

A Mackford, 12:58
Mawu amenewo andilasa, ndipo andiyenera. Uthenga wa imfa ya bambo ako a Masoud ndinauwerenga masana ngati ano. Ndinati ndimalize kaye udzu wa abwana, poti kumpingo kwathu maliro amadikira milungu kufikira galimoto yotengera thupi ku Malawi itapezeka. Zaka zonsezi ndili khomo ndi khomo ndi Msilamu, n'kuiwala kuti inu simuchedwetsa maliro. Pamene ndinkafika kukomboni kwathu ku Imizamo Yethu, anali ataikidwa kale.

Zakiyya, 13:01
ndinapempha a sheikh adikire pang'ono. ndinkangoyang'ana kumsewu ankolo. jeneza inanyamuka inu kulibe

LACHISANU

A Mackford, 06:05
🎤 voice note (1:52)

Zakiyya, 06:31
sizikumveka, mphepo yokhayokha. lembani plz

A Mackford, 12:36
Moto utapsereza nyumba zathu, malata anatiperewera. Bambo ako anati, “Aphunzitsi, khoma limodzi litikwanira.” Chiyambire pamenepo, akadzuka kukaswali m'bandakucha ankagogoda khomalo kuti taxi isandisiye.

A Mackford, 12:47
Pamtanda wa khomalo, mbali yawo, pali kamwala kofiirira kanthambinthambi. Kanakodwa mu ukonde ku harbour. Ndinawafotokozera kuti si mwala ayi, koma fupa. Tizamoyo tambirimbiri ta pansi pa nyanja timamanga fupa limodzi, kalikonse m'kabowo kake, ndipo kena kakafa, pamene kanamanga pamatsala kuchirikiza anzake. Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye Imizamo Yethu imeneyo! Dzina la fupalo n'chiyani?” Ine, amene ndinaphunzitsa Biology ku Ntcheu mpaka kumera imvi, dzinalo linandithawa. Basi nawo anapezerapo chondinyogodolera. Akagogoda ankafuula, “Aphunzitsi, lakumbukika?”

A Mackford, 12:52
Landibwerera dzana, ndikuthirira maluwa. Coenosteum. Madzulo ndinalinena mokweza, nkhope nditalozetsa kukhoma.

A Mackford, 12:55
Denga tenga, chitseko tenga, makoma atatuwo tenga. Ndikupempha limodzi lokhalo. Ndikudziwa kuti wojomba kumaliro alibe pakamwa popemphera.

A Mackford, 18:20
Mwanangu, wauona uthenga wanga?

LOWERUKA

A Mackford, 06:48
Ndapita kuntchito, ngakhale lero si tsiku langa. Sindingathe kuimirira n'kumaonerera. Kiyi ali kwa aneba, mai Tereza, mulowe muzule misomali ya mbali yanga bwinobwino, malata angang'ambike.

Zakiyya, 15:20
tamaliza

Zakiyya, 15:26
a Shafii anayamba kuzula lapakatilo. nditalowa kwanu ndaona pamene mumagogoda poyankha, lata linachita kulowa mkati. mbali ya adadinso chimodzimodzi, malo omwewo. ndawauza abwezere misomali

Zakiyya, 15:27
akwiya, akuti chipinda chathu chiperewera. ziwoneka

Zakiyya, 15:29
kamwala ndatenga ine. dzinalo sinditha kulitchula. mawa a Shafii akupita kumanda, akutengani 9. mukawauze nokha adadi

LAMULUNGU

A Mackford, 05:41
Zikomo, mwanangu. M'bandakucha uno mphepo yagwedeza khoma, ine n'kuyankha ndisanakumbukire kuti kuseriko tsopano ndi panja. Uwauze a Shafii asavutike kukwera mtunda. Ndavala kale jekete, andipeza kumsewu.