Musamudumphitse Isay

Sinait, Ilocos Sur

Manang Perlita, mkulu wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Milan. Msana uja ukukusautsanibe? Nanga gogo wachizungu mumasamalirayo akadakugendani ndi supuni mukamamudyetsa? Ife kuno tilipo, tingoti tikupuma. Dzuwa likuswa mtengo, mvula sikuonetsa n'komwe kuti ili ndi maganizo obwera.

Kalatayi ndampatsira mwana wa anansi athu a Tabios amene akubwerera kumeneko kuntchito. Mwina mudabwa kuti ndalemberanji pamene foni ilipo. Foni ya kuno ili ndi makutu ambiri, Manang. Mukangoimba, Anti Basilisa amakhala atafika kale pakhomo ngati amachita kununkhiza, ndiye ine ndimangoti tili bwino, tili bwino. Sitili bwino ayi.

Tsiku la maliro a Tatang, bambo athu, foni yanu inaduka pomwe tinkatulutsa bokosi m'nyumba, choncho za kumanda simunazione. Ndikudziwa kuti mchimwene wathu, Manong Rogelio, anakuuzani mbali yake. Imvaniko yanganso.

Titafika kumanda, bokosi lisanalowe m'malo mwake, amuna anaima mbali ino ndi mbali inayo n'kuyamba kudumphitsa ana pamwamba pake, monga mwa mwambo wathu, kuti womwalirayo asamabwerenso kudzawayendera. Ana a Manong anadumphitsidwa akuseka ngati ndi masewera. Kenako maso onse anatembenukira kwa mwana wanga Isay.

Inu Isay munamusiya akukwawa. Pano ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kamiyendo italiitali ngati yanu, ndipo kugwidwa mwadzidzidzi kwa iye kuli ngati kuthiridwa madzi otentha. Tsikulo anali atapirira kale zambiri: chikhamu cha anthu, malipenga a bandi, diresi loyera lomuyabwa m'khosi. Anali atatseka makutu ndi manja, akugwedezeka uku ndi uku, koma ali phee. Ine mumtima ndinkamunyadira.

Manong sanamuchenjeze. Anangomudzera kumbuyo n'kumunyamula m'khwapa. Kukuwa kwake, Manang, mpaka oimba malipenga anasiya. Anawaluma Manong padzanja, n'kugwa pansi, n'kuyamba kumenyetsa mutu pa simenti ya manda oyandikana nawo. Ndinathamanga n'kuika dzanja langa pakati pa mutu wake ndi simentiyo. Anti uku akufuula kuti mugwireni miyendo, n'kanthawi kochepa chabe, kamwana sikangagonjetse amuna onsewa. Ine ndinati amene amukhudzenso adziwa lero kuti kulumako anatengera ndani.

Motero Tatang tinawaika Isay osadumpha. Ine sindinaponye ngakhale duwa. Pamene ankatseka manda ndinali kuseri kwa mpanda, nditakhala padothi ndi mwana wanga, tikuyang'ana nyerere mpaka mpweya wake utabwerera.

Chichokereni kumandako, njira yobwera kwathu yamera udzu ngakhale kulibe mvula. Amene ankabwera kudzacheza ndi Tatang tsopano amangokweza dzanja ali pamsewu. Ine kumsika ndinasiya, poti ndilibenso womusiyira mwana. Ndikuluka adyo pakhomo, ogula amadzatenga okha, ndipo nawonso sakhala pansi.

Mukudziwa kuti bambo ake a Isay atapita ku Manila n'kukaiwala njira yobwerera, Tatang ndiwo anali dzanja langa lachiwiri. Mawu akuti otizimu, dzina la vuto la mwanayu, sanawatchulepo mpaka kufa, ankangoti ndi nzeru za Isay. Masana onse ankakhala pabenchi ya pakhonde akuluka adyo, Isay ali pambali pawo akundandalika mitu ya adyoyo kuyambira waukulu mpaka waung'ono. Sanamuumirizepo kutenga dzanja lawo n'kuliika pamphumi monga amachitira ana anzake polemekeza akulu. Anthu akang'ung'udza kuti mwanayu alibe mwambo, Tatang ankati, "Amandipatsa adyo wamkulu kuposa onse. Inu ana anu aulemuwo anakupatsanipo chiyani?"

China chimene simukuchidziwa bwino ndi kalankhulidwe kake. Isay sapanga mawu akeake kawirikawiri. Amatola a ena n'kuwasunga, tsiku lina n'kuwatulutsa momwe anawamvera, ndi kamvekedwe komwe. Ali ndi mawu a wogulitsa nsomba wa panjinga, ali ndi a otsatsa sopo pawailesi. Koma atachoka kumanda kuja pakamwa anatseka kuti ndwii. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri, osatulutsa ngakhale za sopo zija. Ndinkachita mantha kuti ndamutaya ali moyo.

Ndiye tsiku lina masana Anti anabwera kudzatenga mabeseni awo amene tinabwereka pamaliro. Isay anali pabenchi ndi adyo wake. Anti akudutsa, mwana uja anatsokomola, chifuwa chenicheni cha fodya cha Tatang, kenako n'kunena ndi mawu okoka aja, "Basilisa, mlomo wakowo udzakupha."

Manang, ndikhululukireni, ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, koyamba chimwalirireni Tatang. Mukukumbuka kuti ndi mmene ankamunenera mlongo wawoyo tsiku lililonse limene Mulungu analenga. Koma Anti sanaseke. Mabeseni anangoti gwengwerere pansi, iwo n'kuchita chizindikiro cha mtanda, liwiro mpaka kwa Manong, silipasi imodzi n'kuisiya pageti.

Tsopano dera lonse likuti Tatang alowa mwa mwana. Akuti ndi zimene zimachitika mayi akakhala wamakani, njira tinaisiya yosatseka, ndiye mkuluyo akumabwera, ndipo akazolowera adzamutenga. Ana a anansi akumabisala kuseri kwa mpanda kuti amveko mzimu ukulankhula.

Manong agamula kuti pa mapemphero a tsiku la makumi anayi, tikapita kumanda, amuna adzamugwira Isay n'kumudumphitsa pamwamba pa manda a Tatang. Akuti kaya alire, kaya alume, adzavala magolovesi a kumunda. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti akunena za mwana osati nkhumba. Anandiyankha modekha kuti, "Ading, mlongo wanga, ndakwirira bambo, sindikufuna kukwirira mwana wako." Ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti sakunama. Amamukondadi, n'chifukwa chake sakumva.

Nditasowa mtengo wogwira ndinaitula nkhaniyi kugulu lathu lija la makolo a ana ngati Isay. Timakumana kamodzi pamwezi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumabwera Mam Agbayani kuchokera ku Vigan, amene anaphunzira zothandiza ana otere kulankhula. Ndi mayi wamfupi, wosachedwa kupsa mtima ndi akuluakulu koma ndi ana ngwoleza mtima ngati mwala.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati palibe mzimu apa. Akuti ife munthu akatisiya timasunga zithunzi ndi malaya ake, Isay amasunga mawu. Akuti mwanayu kumanda sanalire ngati anzake, kulira kwake ndi kumeneku, ndipo ndithokoze kuti pakamwa patsegukanso. Koma anandichenjezanso mosapsatira kuti akakamugwira mwankhanza kachiwiri, pamalo omwe aja, akhoza kutsekanso pakamwa, ndipo ulendo uno palibe angalonjeze kuti adzatsegula liti.

Mayi wina wa m'gululi, Manang Remedios, amene mwana wake ndi mnyamata wandevu kale, anaseka n'kunena kuti, "Wanga amalankhula ngati woulutsa nkhani. Ndiye ndimudumphitse pawailesi?" Anati ngati ndikufuna, amayi onse a gululi abwera tsikulo adzakhale pamandapo kuti tione ngati Manong anyamule ndi iwo omwe. Zinandilimbitsa mtima, sindikana. Koma inu mukudziwa kwathu kuno, za maliro a banja mlendo salowerera, akangoyesa ndiye kuti moto wauthira mafuta. Komanso gulu ndi m'mawa umodzi pamwezi. Tikabalalika aliyense amakwera njinga yamoto kubwerera kunyumba kwake, kukatseka chitseko chake. Masiku ena onsewo ndimakhala ndekha.

Mam Agbayani anadzipereka kubwera kudzalankhula ndi banja, ndipo anabweradi. Anti anawalandira bwino, khofi ndi tupig wotentha, makeke athu aja a mpunga, pambale yabwino ija ya alendo. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu. Mam atatha, Anti anati, "Mam, inu munaphunzira za amoyo, ndipo mwaphunziradi. Za akufa tisiyireni ife."

Mam sanakangane nawo. Anafunsa ngati mwambo ungalole kuti Isay azungulire mandawo yekha ndi miyendo yake, pang'onopang'ono, tsiku lopanda anthu. Anti anati kuzungulira si kudumpha. Anafunsanso ngati tingadumphitse diresi lake lija m'malo mwake. Manong anati Tatang si wakhungu, akudziwa kusiyanitsa mdzukulu ndi nsalu. Mam anatsiriza khofi wawo n'kutsanzika. Pageti anandigwira dzanja n'kunena kuti iwo afika pamene nzeru zawo zathera, chatsala ndi munthu wa m'banja amene mawu ake amamveka.

Munthu ameneyo ndi inu, Manang. Ine ndine wotsiriza kubadwa, komanso mkazi wothawidwa ndi mwamuna, mawu anga amalemera ngati khoko la adyo. Koma inu Manong munawabereka kumsana Nanang, mayi athu, ali kumunda wa fodya, ndipo mpaka lero akamva kuti Manang Perlita ali pafoni amayamba avala kaye malaya. Anti nawonso amakuopani, ngakhale sangavomere.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu, ngakhale kugulu.

Ine ndimakhulupirira zimene Mam Agbayani ananena. Ndikudziwa kuti ndi Isay amene amalankhula, ndinamubala ndine. Koma mawu a Tatang amene anasunga si a Anti okha ayi. Kale ndikamabwera kuchokera kumsika, ndikangotsegula geti, Tatang ankanena osadzutsa n'komwe mutu pa adyo wawo, "Wabwera, Jove? Khala kaye pansi, watopa iwe."

Tsiku lina posachedwapa ndikuchokera kumpope ndi ndowa, geti linalira, ndipo ndinawamva mawu amenewo kuchokera pabenchi. Kukoka komwe kuja, kachifuwa komwe kaja kumapeto. Isay sanandiyang'ane, maso ali pa mzere wake wa adyo. Ndinatula ndowa n'kukhala pansi pomwepo pafumbi, monga ndauzidwira.

Kuyambira pamenepo, geti likangolira ine ndikulowa, amanena. Ndipo Manang, ndikuchita manyazi kulemba izi, koma masiku ena ndimatulukira kukhomo la kuseri, n'kuzungulira kudzera m'munda wa a Tabios, n'kudzalowanso pageti. Mayi wamkulu ndithu, ndowa yopanda kanthu m'manja, kuti ndingomva munthu akundifunsa ngati ndabwera. Ndasungulumwa, Manang. Ndasungulumwa kuposa mmene ndinkadziwira kuti munthu angasungulumwe ali pakati pa abale ake.

Ndiye taganizani nane. Ngati Mam Agbayani akulondola, akakamudumphitsa mokakamiza Isay atseka pakamwa. Ngati Anti ndiwo akulondola, akakamudumphitsa Tatang asiya kubwera. Kaya wolondola ndani, pakhomo pano sipadzakhalanso wondiuza kuti ndikhale pansi. Ndipo ngati alidi Tatang, mukuganiza kuti munthu amene sanamukakamizepo mwanayu ngakhale kumugwira dzanja angabwere kudzamupweteka? Asiyeni azibwera. Ndi okhawo amene akutiyendera.

Chonde, kalatayi ikangokufikani, imbirani Manong. Musaimbire kuno, imbirani iwowo, nthawi imene ali kumunda okha. Musawakalipire, mwina pang'ono pokha. Auzeni kuti mapemphero tidzachita, chakudya cha womwalira tidzaika pamanda monga mwa nthawi zonse, ine ndidzaphika chilichonse chimene Anti afuna. Koma mwana wanga asamugwire. Mukakhala chete inu, tsikulo ine ndidzadzitsekera naye m'nyumba, ndipo ndikudziwa kuti ndikatero ndiye kuti ndatsekera kunja abale onse amene ndatsala nawo.

Mundiperekere moni kwa a Manang Cresencia amene mumagona nawo nyumba imodzi, ndi onse a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi Lamulungu. Muwauze kuti tinalandira mapemphero awo. Inuyo muzivala zofunda, muzidya, musamangodyetsa makolo a eni. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu m'dziko la eni akelo mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndilekere pomwepa, ndikufuna ndifike kumpope. Migolo yonse ndi yodzaza kale, koma ndipitabe.

Ndine mng'ono wanu,
Jovelyn