Sabata Imene Ndinabisa Zinsou

Lolemba, 9 Juni. Yangokwana 3 koloko masana, nyemba zatha, mvula yakata.

Buku ili ndi la Senami, mkazi wa mdzukulu wanga Sagbo. Ankalembamo miyezo ya madiresi. Ndalanda. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu kwa masisitere, zilembo zanga ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma pakhomo pano palibe wondimvera. Pepala siliyankha mwano.

Lero azika zikwangwani. Kuyambira pamlatho mpaka kuseri kwa msika wa Dantokpa. Mkombero wofiira, mkati 30. Chimodzi pafupi penipeni ndi benchi langa logulitsira nyemba, pamphambano. Pamene paja.

Akabaza onse odya kwa ine, malaya achikasu thukuta lokhalokha, nkhani ndi imodzi. Gbenou, wapakamwa ngati wailesi ya m'basi, akuti, "Sate? Limenelo ndi liwiro la mbuzi yapakati." Wina akuti wolemba lamuloli amayenda pagalimoto ya mphepo yozizira, injini sinamuwotchepo ntchafu. Wina akuti ukayenda sate utsi wa malole umaumeza kawiri. Wina, wa ana anayi, akuti maulendo atsika ndi theka, ana adzadya chikwangwani? Imeneyo yokha ndiyo yandilowa m'mimba.

Sagbo anangosisita pachifuwa pamene amamangirira Zinsou, n'kuseka.

Zinsou wanga. Anabadwa tsiku limodzi ndi Sagbo, ndinawalera ndekha amayi awo atapita ku Libreville. Zaka ziwiri tsopano chipitire kunkhalango kukatola nkhuni. Mapasa safa, timangotero. Pamphambano yomweyi, njinga yake yamoto ndi lole. Tinatsala ndi wamtengo, wosemedwa, wotalika ngati chikhatho changa. Timamusambitsa, timamudyetsa, ndinamusokera ndekha kamalaya kachikasu. Sagbo sakwera njinga popanda iye.

Ndinati iwe, chikwangwanichi wachiona? Iye akuti, "Agogo, mphambanoyi inadya kale mmodzi wa ife. Msewu sudya kawiri m'mbale imodzi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndevu zilipo, nzeru za mwanapiye.

Lachiwiri, 10 Juni

Mafuta ofiira ophikira akweranso mtengo. Bondo lamanzere likuwawa.

Apolisi aima pansi pa mlatho ndi kachipangizo kangati chowumitsira tsitsi cha kusaluni. Akakulozera, basi, njinga pa lole. Zisanu ndi ziwiri ndaziwerenga ndekha. Anyamata akwiya, akudya osatafuna.

A Tchegnon anabwera mochedwa monga mwa masiku onse. Wamkulu wa akabaza onse kuno, imvi mbuu pansi pa chisoti, anyamata amawatcha a Nkhono. Zaka makumi atatu pamsewu, alibe chipsera ngakhale chimodzi, komanso alibe nyumba yawoyawo, Gbenou salephera kuwakumbutsa. Iwo sate sakumuda. Akuti mawondo awo anayamba kutsata lamuloli lisanalembedwe.

Koma ananena china. "Mayi, liwiro silikhala m'dzanja la kabaza. Limakhala m'kamwa mwa wokhala kumbuyo. Fulumira, ndachedwa. Fulumira, sitolo atseka. Ukayenda bwino, mawa akwera mnzako."

Chipande chinandipulumuka, n'kugwera mumphika. Ndinati ndi nthunzi.

Zimenezo sindilemba.

Lachitatu, 11 Juni

Apangana. Lachisanu m'mawa akukaika sate m'manda. Akhoma kabokosi ka maliro ndi matabwa a kireti ya tomato, alembapo 30, Gbenou wabwereka mkanjo kuti akhale m'busa. Adzanyamuka pamlatho onse pamodzi, mazana, moto wonse, mpaka kumsika. Akuti apolisi sangagwire njuchi zonse za mumng'oma.

Kutsogolo Sagbo. Anamusankha ndi manja m'mwamba. Chifukwa, akuti, iye amayenda awiri.

Ndinamulanda Gbenou mbale ili pakamwa. Ndinati iwe galu wa pamsika, bwanji osatsogola wekha ndi mkanjo wakowo? Amako anakubereka wekha, ukuopa, ndiye wakabwereka wa mapasa. Iye akuti, "Agogo, musaphike mtima, mdzukulu wanu ngakhale atatseka maso amafika." Anzake kuseka. Sanalipire, ndipo ndalama zake sindikuzifuna.

Madzulo ndinamukhazika Sagbo pansi. Ndinati taona Senami, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, miyendo yatupa. Ndinati ndinakutafunira chinangwa ulibe mano. Ndinagwada, ine, ndi bondo ili. Anandidzutsa mwaulemu ngati akudzutsa thumba la makala la kasitomala. "Agogo, tikangokhala chete lero, mawa atiuza kuti tizikankha njinga. Zinsou sakanabwerera m'mbuyo."

Zinsou sakanabwerera. Ndikudziwa. Ndikudziwa kuposa iwe.

Senami akungolira chamumtima, makina osokera ali gwegwegwe. Mkazi wabwino, koma lilime ngati la nsomba.

Lachinayi, 12 Juni, dzuwa lisanalowe

Ndachita.

Lachinayi ndi tsiku lomusambitsa Zinsou. Sagbo anamumasula pachifuwa n'kundipatsa ndi manja awiri, monga nthawi zonse, n'kupita kukatsuka njinga. Ndinamusambitsa ndi sopo wonunkhira. Ndinamudzoza. Nyemba zake ndi mafuta ofiira, supuni ziwiri, ndinamuikira pamaso pake. Kenako ndinamupepesa, ndinamukulunga m'mpango wanga woyera, n'kumukwirira m'thumba la gari, ufa wathu wachinangwa wokazinga, pansi penipeni, mkono wonse kulowa.

Ndinamuuza Sagbo kuti mnzako watopa ndi njinga, wapempha kupuma, abwera Loweruka.

Nyumba yonse waigadabuza. Matiresi pabwalo, miphika pabwalo, ngakhale denga la kubafa wasuzumira. Thumba la gari analinyamula ndi manja ake n'kuliika pambali kuti aone kuseri.

Atatopa anaima pakhomo. "Mayi inu," anatero. Osati agogo. "Mayi inu, mwandivula."

Andivule dzina, alinyamule akataye kunyanja. Bola mawa akhale pakhomo. Popanda Zinsou sangayatse njinga, chipitire mnzake sanayerekezepo ngakhale kupita kogula buledi. Ndamugwira. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndadya n'kukhuta.

Lachisanu, 13 Juni, m'mawa

Anakhala panjinga ola lathunthu osayatsa. Chisoti pamutu, manja pantchafu. Ine ndikusankha nyemba, diso limodzi pa iye, mumtima ndikuvina.

Kenaka Gbenou pageti, hutala, mkanjo wake ukuuluka. Anamva nkhani kwa ana a pafupi. "Kodi aSagbo, ndiye kuti mwamuna anali wamtengo uja? Inu munali chonyamulira?"

Anayatsa. Nkhope yotuwa ngati phulusa. Sanandiyang'ane.

Ndamufukula Zinsou, gari mpaka m'makutu. Ndikumuthamangira naye. Kabaza palibe ngakhale mmodzi, onse ali kumlatho. Ndipita wapansi ndi

Lamulungu, 15 Juni

Ali moyo. Ndilembe kaye zimenezo. Ali moyo.

Mwendo wamanja wathyoka pawiri, nthiti zitatu, mutu watupa, sanatsegule maso. Chipatala chodzaza, Senami akugona pakatoni m'khonde ndi mimba yake.

Ndinafika pamphambano zonse zitatha. Magalasi, nsapato imodzi, kabokosi ka tomato kali pakati pa msewu kosasweka n'komwe.

A Tchegnon anali kumbuyo kwa gulu lonse, anaona. Akuti anatsika pamlatho bwinobwino, Sagbo patsogolo, phokoso ngati kumwamba kukung'ambika. Atayandikira pa benchi langa anachotsa dzanja pachiwongolero n'kugwira pachifuwa, monga amachitira nthawi zonse akamadutsa pamene paja. Sanapeze kanthu. Anaponda buleki. Njinga makumi anayi kumbuyo kwake, moto wonse. Zitatu zinamukwera.

Ndinkati ndikumuchotsera liwiro. Ndinamuchotsera mtima wokha, liwiro ndinalisiya kwa anzake.

Lolemba, 16 Juni

Ndatsegula benchi chifukwa kuchipatala akufuna mankhwala ogula kunja. Mphika wonse wasasa. Malaya achikasu amadutsa, amayang'ana kwina. Akudya kwa mayi wa tsidya lija, amene nyemba zake ndi miyala yonyowa.

Akabazawo akuti, "Mwaona? Chamuvulaza ndi buleki. Akanathamanga bwenzi ali bwino." Akuti sate ndiye wakupha. Akuti nkhalamba inaba mwana wamapasa, ndipo mapasa sakhululuka. Chikwangwani cha pafupi ndi ine achizula, chatsala chitsulo chopindika.

Gbenou alibe ngakhale kokalika. Anali mzere wachisanu, m'busa wathu.

A Tchegnon okha ndiwo anakhala pabenchi, anadya nyemba zosasa osadandaula. Ndinawafunsa ngati ndine ndamuthyola. Anatafuna nthawi yaitali. "Mayi, njinga makumi anayi zikanakhala pa sate, bwenzi atangotukwanidwa basi." Sindikudziwa ngati ananena kuti andipepuze.

Zinsou ali m'chiuno mwanga, m'nsalu. Sindinamubweze pamalo pake. Ndimamulankhula, sayankha. Ali moyo sankatseka pakamwa.

Lachiwiri, 17 Juni

Wadzuka. Wamwa phala. Wamuzindikira Senami, wagwira mimba.

Ine anandibweza pakhomo la wodi. Senami anatuluka, maso pansi. "Akuti musalowe, agogo. Akuti mutumize Zinsou."

Ndinati palibenso china wanena? Anazengereza. Ndinamugwira dzanja mpaka ananena. Gbenou anabwera ndi malalanje ndi gulu lake. Amulonjeza kuti njinga aikonza okha, asonkherana. Ndipo Sagbo akuti akangochira, Zinsou ali pachifuwa, adzatsogolanso kuti amalize ulendo uja. Akuti tsopano waona ndi maso kuti mphamvu yake ili pati.

Mwendo uli pachitsulo, mutu m'mabandeji, akupangana ulendo wina.

Ndikamupatsa Zinsou, ndamupatsa mphambano. Ndikamumana, ndamuphera mnzake kachiwiri, ndipo sadzandimveranso mpaka kumanda kwanga. Ndayenda wapansi kuchokera kuchipatala, mvula yonse pamutu, ndikutembenuza zimenezi ngati nsomba pamoto. Mbali zonse zapsa.

Chatsala chimodzi. Chija ndinati sindilemba.

Lachitatu, 18 Juni, m'mawa, moto sindinakoleze

Sagbo, apa ndikulankhula ndi iwe.

Tsiku lija mafuta ofiira anandithera, anthu ali mbwee pabenchi, mbale m'manja. Zinsou anali kumsika ndi chigubu changa. Ndinamuimbira. Anati, "Agogo, msewu wadzaza, ndipatseni mphindi khumi." Ndinati mphindi khumi ndi za amako. Ndinati nyemba zikazizira usadzanditchulenso agogo, uluka. Mawu anga enieni ndi amenewo. Uluka.

Anaseka. Anati, "Chabwino, kapitawo."

Ndinamuona akutulukira pakona, atagona pathanki. Lole inali pa njira yake, inkayenda ngati ng'ombe, dalaivala uja tinamunamizira. Mafuta anamwazika msewu wonse, anthu ankati onsewo ndi magazi. Foni inali idakali m'dzanja langa.

Pamaliro munati msewu wasankha. Ndinakhala chete. Munati mapasa amaitanidwa, nthawi yake inakwana. Ndinavomera ndi mutu. Zaka ziwiri ndakusiya ukhulupirire kuti mphambano ija ili ndi mimba, inadya n'kukhuta, chifukwa bodza limenelo linkandifunditsa ine. Iwe n'kulivala pachifuwa, n'kumathamanga nalo.

Msewu ulibe pakamwa, mwana wanga. Sunadye munthu, sunakhute, sukudziwa kuti munali awiri. Pakamwa panali panga. Lachisanu panali pa Gbenou. Mawa padzakhala pa mayi wina wochedwa ku ukwati. Mnzako sanatetezedwe ndi aliyense tsiku lija, ndipo iye anali wamnofu, wamaso awiri, woyendetsa bwino kuposa iwe, usakwiye, ukudziwa.

Za ana kudya chikwangwani sindikutsutsa. Kakanganeni nawo a lamulo, pitani wapansi, kuwani mpaka mawu athe, ndidzakuphikirani nyemba zaulere. Koma Zinsou usamutengenso ngati chishango. Anathamangitsidwa kamodzi, zakwana. Ngati ukufuna kumunyamula, umunyamule ngati mmene udzanyamulire uyo ali m'mimba mwa Senami.

Ndikumubweza. Ndamusambitsa, gari yense ndachotsa, wadya. Ndamumanga pamodzi ndi bukuli ndi mpango woyera. Ukamasula mmodzi wamasula onse.

Udane nane. Usanditchule agogo, ndinadzitemberera ndekha tsiku lija. Ungokalamba, udzakhale a Nkhono ena, ana azikuseka.

A Tchegnon, inu muli panjapo mukudikira, ndikudziwa mutsegula, maso anu ndi a nkhuku. Werengani, palibe kanthu. Mukampatse m'manja mwake, osati mwa Senami, osati pali Gbenou. Ngati maso ake sakutha, mumuwerengere mokweza, musadumphe mzere wa foni. Akamaliza, ngati afuna, alipereke kwa anzake a malaya achikasu, lizungulire mpaka lithe masamba.

Ndipo popita musafulumire. Mwanyamula mdzukulu wanga.